Kodi Muike Ndalama Zingati m'Mabondi a Boma? Malangizo kwa Anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo

Munthu akagula bondi ya boma amakhala kuti wabwereketsa boma ndalama zake, pa mgwirizano wakuti lidzamubwezera pa tsiku lodziwika pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene chakhazikitsidwa pa tsiku logula. M'dziko muno malonda amenewa amayendetsedwa ndi Reserve Bank of Malawi m'malo mwa Unduna wa Zachuma, ndipo alipo a mitundu iwiri: ma Treasury bill, amene amakhwima pakatha masiku 91, 182 kapena 364, ndi ma Treasury note, amene amatenga zaka 2, 3, 5, 7 ngakhale 10. Kale anthu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ankaiona nkhaniyi ngati ya mabanki ndi makampani a inshuwalansi a ku Blantyre okhaokha, koma lero mphunzitsi amene wapuma pa ntchito pa Chitakale, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi amene walandira ndalama za penshoni, kapena mayi amene amaoda masamba pa Bvumbwe n'kukagulitsa ku Limbe, aliyense angathe kugula kudzera ku banki yake. Kagulidwe kake n'kosavuta, popeza a ku banki amathandiza kulemba mafomu. Chimene a ku banki sangakuchitireni ndi kusankha kuchuluka kwa ndalama zoti muikemo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ena poika zonse zimene ali nazo chifukwa chotengeka ndi chiwongoladzanja chachikulu, ena posaika ndi tambala yomwe chifukwa cha mantha.

Maganizo anga ndi akuti chiwerengero choyenera chimapezeka pochotsera. Mumayambira pa ndalama zonse zimene muli nazo, n'kuchotsapo chilichonse chimene chili kale ndi ntchito yake m'miyezi ikubwerayi, ndipo zotsalazo ndi zimene mungayambe kuziganizira za mabondi. Chiwongoladzanja chimene chalengezedwa sabata imeneyo chimabwera kumapeto kwa masamu, pamene mwadziwa kale ndalama zimene mungathe kuzisiya osazikhudza mpaka tsiku lokhwima.

Tengani kope ndi cholembera, mulembe miyezi khumi ndi iwiri ikubwerayi, ndipo pa mwezi uliwonse mulembe ndalama zimene mukuyembekeza kulandira ndi zimene mukudziwa kuti mudzatulutsa. Ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri m'maboma athu awiriwa kuposa m'tauni, chifukwa ndalama za kuno zimayenda ndi nyengo. Mlimi amene amagulitsa masamba ake a tiyi ku fakitale ya Lujeri, ya Eastern Produce kapena ya Satemwa amadziwa kuti tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo kuti m'miyezi yozizira ndi ya chilimwe makilo amatsika kwambiri. Nandolo amabweretsa ndalama cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, koma mtengo wake sudalirika, monga anaonera alimi mu 2017 pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo, mtengo n'kugwa kuno mpaka anthu kusowa kogulitsa. Zotuluka nazo zili ndi nyengo zake: fizi ya sukulu imafunika katatu pachaka, feteleza ndi mbewu zimafunika mu Okutobala ndi Novembala, ndipo popeza minda ya kuno ndi yaing'ono chifukwa malo ambiri achonde ali m'maesiteti, mabanja ochuluka amagula chimanga mu Januwale ndi Febuluwale pamene mtengo wake uli pamwamba penipeni. Ndalama iliyonse imene yaoneka pa kalendala imeneyi kuti idzafunika miyezi itatu isanathe siyenera kulowa m'bondi ya mtundu uliwonse, chifukwa ngakhale yaifupi kwambiri imatenga masiku 91.

Mukamaliza kalendala, chotsani ngongole. Magulu ambiri a banki mkhonde amabwereketsa pa chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo katapila amaposa pamenepo kutalitali. Munthu amene ali ndi ngongole ya K500,000 pa 20 peresenti pamwezi amataya K100,000 mwezi uliwonse, pamene K500,000 yomweyo itaikidwa mu Treasury bill ya 26 peresenti ingabale K130,000 yokha pa chaka chathunthu, msonkho usanachotsedwe. Palibe bondi imene ingapikisane ndi ngongole yotere, ndipo ngakhale ngongole ya ku banki kawirikawiri imadula kuposa phindu limene bondi yaifupi ingakupatseni. Kubweza ngongole ndiye phindu loyamba ndiponso lotsimikizika.

Chachitatu chochotsa ndi ndalama za mwadzidzidzi, ndipo pano ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Aliyense wa kuno amakumbukira Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba, kukokolola minda ndi milatho ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi madera ena a kummwera, patangotha chaka chimodzi kuchokera pamene namondwe wa Ana anasakaza mu Januwale 2022. Munthu amene ndalama zake zonse zinali m'bondi ya zaka zisanu pa nthawi imeneyo anali wolemera pa pepala, koma wopanda chogulira malata kapena thumba la ufa sabata imeneyo. Ngakhale popanda namondwe, matenda amabwera osagogoda, ndipo zipatala za mishoni monga Mulanje Mission ndi Malamulo zimafuna kulipira, pomwe wodwala akatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre pamafunika thiransipoti ndi chakudya cha omudikirira. Maliro nawo sitingawaiwale, chifukwa munthu amene amaoneka kuti ali ndi kangachepe pamudzi ndi amene amayang'aniridwa pa nkhani ya bokosi ndi galimoto. Kwa munthu wa pa malipiro a mwezi ndi mwezi, ndalama zokwana kuyendetsa pakhomo miyezi itatu zingakwane. Kwa mlimi kapena wa geni, amene ndalama zake zimabwera modumphadumpha, ndikulangiza miyezi isanu ndi umodzi. Ndalama zimenezi zikhale pamalo pamene mungazitenge mkati mwa masiku ochepa, monga ku akaunti yosungira ndalama ku banki, ku SACCO, kapena ku thumba la unit trust, losonkhedwa ndi anthu ambiri, limene limagula mapepala afupiafupi a boma ndi a mabanki, ngati limene amayendetsa a Old Mutual. Phindu lake lidzakhala locheperako, koma ntchito ya ndalama zimenezi ndi kupezeka pa tsiku la mavuto.

Mpamba wa bizinesi nawo uchotsedwe. Wa geni amene amaoda katundu pa Muloza kapena pa Limbuli n'kumugulitsa sabata isanathe amatembenuza mpamba wake kambirimbiri pachaka, ndipo ngati akuwerengera bwino, phindu lake limaposa la bondi iliyonse. Kuchotsa ndalama mu bizinesi yoyenda bwino kuti mubwereketse boma ndi kudzibweza m'mbuyo. Komabe bizinesi iliyonse ili ndi malire a katundu amene msika wake ungamwe. Okala ya pa Luchenza imene imagulitsa makatoni makumi awiri a sopo pamwezi sidzagulitsa makumi anayi chifukwa chakuti mwini wake wapeza ndalama zowonjezera. Katunduyo adzangokhala pa shelefu. Ndalama zimene zapitirira malire amenewa, zomwe nthawi zambiri zimangogona ku akaunti kapena kutha pang'onopang'ono pobwereketsa achibale, ndi zimene zili zoyenera mabondi.

Tsopano mwatsala ndi ndalama zimene zilibe ntchito ya msanga. Musanaziike zonse m'mabondi, werengani phindu lenileni, chifukwa nambala imene imalengezedwa si imene imafika m'thumba mwanu. Tiyeni tigwiritse ntchito ziwerengero za mu 2024, pamene Treasury bill ya masiku 364 inkapereka 26 peresenti, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu, malinga ndi National Statistical Office ya ku Zomba, kunali kopitirira 30 peresenti kwa miyezi yambiri ya chakacho. Munthu amene anaika K1,000,000 anapeza chiwongoladzanja cha pafupifupi K260,000. Pa ndalama imeneyi pamachotsedwa msonkho wa 20 peresenti wopita ku Malawi Revenue Authority, womwe ndi K52,000, choncho phindu lofika m'manja linali K208,000, ndipo zonse pamodzi zinakwana K1,208,000. Koma katundu amene ankagulidwa pa K1,000,000 kumayambiriro kwa chaka ankafuna K1,300,000 kapena kuposa pamenepo kumapeto kwake. Munthuyu ndalama zake zinachuluka, koma zimene akanagula nazo zinachepa ndi pafupifupi K92,000. Mnzake amene anasunga K1,000,000 yomweyo m'nyumba kapena pa foni anabwerera m'mbuyo ndi K300,000 yathunthu. Masamu amenewa akutiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: bondi imaposa kwambiri kusunga ndalama zongokhala, koma m'zaka za kukwera mitengo kwakukulu bondi yaifupi imangochepetsa kutaya, ndipo si njira yolemerera. Ma Treasury note a zaka zambiri amapereka chiwongoladzanja chokulirapo, koma amafuna kuti mudikire nthawi yaitali, nkhani imene ndiifika posachedwa.

Pamwamba pa kukwera mitengo pali kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi pafupifupi theka mu Meyi 2012, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bondi ya boma imalipira m'makwacha, ndipo chiwongoladzanja chake sichisintha kwacha ikagwa. Choncho dzifunseni kuti ndalamazi mukuzisungira chiyani. Ngati cholinga ndi kugula chinthu chimene mtengo wake umatsata dola, monga malata, njinga yamoto, chigayo, feteleza kapena mapanelo a sola, ndipo chinthucho chingasungike osawonongeka, nthawi zambiri ndi bwino kuchigula lero kusiyana ndi kuika ndalamazo m'bondi n'kumayembekeza kuti phindu lidzathamanga kuposa mtengo. Ngati cholinga ndi chinthu chimene simungachigule pasadakhale, monga fizi ya mwana amene adzalowe ku koleji chaka chamawa kapena ndalama zodyera mukadzapuma pa ntchito, apo bondi ili pamalo pake.

Palinso funso la amene mukumubwereketsa. Anthu amanena kuti boma silingalephere kubweza ngongole ya m'makwacha, ndipo n'zoona kuti pakati pa onse obwereka m'dziko muno boma ndi lodalirika kuposa kampani kapena munthu aliyense. Koma mawu akuti silingalephere ndi opitirira. Kumapeto kwa 2022 ndi kumayambiriro kwa 2023, boma la Ghana linapempha eni mabondi a m'dzikomo kuti asinthanitse mapepala awo ndi atsopano a zaka zambiri ndiponso a chiwongoladzanja chotsika, ndipo pakati pa okhudzidwa panali anthu wamba ndi opuma pa ntchito, ngakhale kuti ma Treasury bill sanakhudzidwe. Zambia, mnansi wathu, inalephera kulipira ngongole yake ya kunja mu Novembala 2020. Boma la Malawi nalo lili ndi ngongole yaikulu, chiwongoladzanja chimadya gawo lalikulu la bajeti chaka chilichonse, ndipo lakhala likukambirana ndi ena mwa amene linawabwereka kunja kuti asinthe kabwezedwe. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti mumvetse chifukwa chake chiwongoladzanja chili chachikulu chonchi: msika umalipiritsa boma molingana ndi chiopsezo chimene ukuona. Nzeru yake ndi yakuti chuma chanu chonse chisakhale m'manja mwa wobwereka mmodzi, ngakhale wobwerekayo ndi boma.

Pa mfundo imeneyi pali chinthu chimene anthu a pa ntchito amaiwala. Kuyambira pamene lamulo la penshoni la 2011 linayamba kugwira ntchito, olemba ntchito amapereka 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amapereka 5 peresenti ku thumba la penshoni, ndipo makampani oyendetsa matumba amenewa amaika gawo lalikulu la ndalamazo m'mapepala a boma omwewa. Banki imene mumasungako ndalama nayonso imabwereketsa boma kwambiri. Choncho kapitawo wa pa esiteti amene wakhala akudulidwa penshoni kwa zaka khumi ali kale ndi mabondi ochuluka ngakhale sanalembepo fomu ya bondi, ndipo ayenera kuwerengera zimenezi posankha zoti awonjezere. Mlimi kapena wa bizinesi amene alibe penshoni, chuma chake chonse chili mu tiyi, nthochi, makadamiya kapena katundu wa mu shopu, ali ndi chifukwa chachikulu choikira gawo looneka m'mabondi, popeza bondi siuma ndi chilala ndiponso sigwidwa ndi matenda monga chisaka chimene chinasakaza nthochi za ku Thyolo.

Mwina munamvapo lamulo lakuti gawo la mabondi lifanane ndi zaka zanu, kotero kuti wa zaka 30 aike 30 peresenti ndipo wa zaka 60 aike 60 peresenti. Lamulo limeneli linachokera kumayiko monga America, kumene mitengo ya zinthu kwa zaka zambiri yakhala ikukwera ndi 2 kapena 3 peresenti pachaka, ndipo kuno silingatsatidwe ngati mmene lilili. Mzimu wake wokha ndi umene uli wothandiza. Wachinyamata amene ali ndi zaka zambiri zogwira ntchito patsogolo pake angathe kupirira kukwera ndi kutsika kwa zinthu zimene mtengo wake umatsata mitengo ya pamsika, monga malo, nyumba ya lendi, ziweto, mitengo ya makadamiya kapena masheya a makampani a pa Malawi Stock Exchange monga National Bank, Illovo, Airtel ndi NICO, choncho mabondi kwa iye akhale gawo laling'ono, mwina limodzi mwa magawo anayi a ndalama zotsala zija. Munthu amene watsala pang'ono kupuma, kapena wapuma kale, amafuna ndalama yodziwika yobwera pa tsiku lodziwika, ndipo kwa iye theka kapena kupitirira pang'ono ndi loyenera. Kupitirira magawo awiri mwa atatu sindingalangize aliyense pamene mitengo ikukwera ndi ma peresenti oposa 20, chifukwa munthu wa zaka 60 angathe kukhala ndi moyo zaka zina makumi awiri, ndipo m'zaka zimenezo amafunika kukhala ndi china chake chimene chikukwera pamodzi ndi mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira.

Mukapeza chiwerengero, funso lotsatira ndi la kutalika kwa nthawi, ndipo mafunso awiriwa ndi olumikizana kwambiri moti limodzi limasintha yankho la linzake. Treasury bill mumaigula pa mtengo wotsika n'kudzalandira ndalama yonse pa tsiku lokhwima, pomwe Treasury note imakulipirani chiwongoladzanja kawiri pachaka n'kudzabweza mpamba kumapeto. Bondi yaitali ili ngati tiyi wongobzala kumene: amafuna zaka zingapo asanayambe kubweza zimene munalowetsa, ndipo womuzula msanga amataya ndi ntchito yomwe. N'zotheka kugulitsa bondi isanakhwime kudzera ku banki, ku discount house (kampani yogula ndi kugulitsa mapepala a boma) kapena kwa ogulitsa masheya ovomerezeka, koma mtengo wake umatengera chiwongoladzanja cha tsiku limenelo. Tiyerekeze kuti muli ndi bondi ya K1,000,000 imene imapereka 20 peresenti pachaka ndipo yatsala ndi zaka ziwiri, kenako boma n'kuyamba kugulitsa mabondi atsopano pa 28 peresenti. Palibe amene angagule yanuyo pa K1,000,000 pamene yatsopano ikupereka zambiri. Adzakupatsani pafupifupi K890,000 kuti phindu lake lifanane ndi la yatsopanoyo. Chiwongoladzanja chikatsika zinthu zimatembenuka, ndipo bondi yanu yakale imakwera mtengo, n'chifukwa chake amene amakhulupirira kuti kukwera mitengo kwatsala pang'ono kutsika amakonda kugula zazitali. Koma munthu wamba asamange chuma chake pa kulosera kotere.

Njira yabwino ndi kugawa ndalamazo kuti zizikhwima nthawi zosiyanasiyana motsata kalendala yanu ija. Gawo lina likhwime mu Sepitembala kuti likumane ndi fizi ndi feteleza, lina mu Januwale pamene chimanga chadula, ndipo lina, limene mwatsimikiza kuti simudzalifuna kwa zaka ziwiri kapena zitatu, lilowe mu Treasury note. Potero pa miyezi ingapo iliyonse pamakhala ndalama imene ikubwerera m'manja mwanu, ndipo mumakhala ndi mwayi wosankhanso potengera mmene zinthu zilili pa nthawiyo. Kwa munthu amene akuyamba kumene, ndingalangize kuti ayambe ndi masiku 91 kapena 182, aone mmene ndalama imachokera ku akaunti ndi mmene imabwererera, kenako azitalikitsa pang'onopang'ono. Za zaka 7 ndi 10 zimayenera kwambiri makampani a penshoni ndi a inshuwalansi, amene amadziwa kuti adzalipira anthu zaka zambiri m'tsogolo. Munthu payekha aikemo kagawo kochepa chabe, ngati aikemo n'komwe.

Tiyeni tiike zonsezi pa chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Bambo wa zaka 58 wa ku Thyolo wapuma pa ntchito ndipo ali ndi K12 miliyoni m'manja. Ali ndi ngongole za K1.5 miliyoni ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba ndi ku SACCO, ndipo akazibweza atsala ndi K10.5 miliyoni. Pakhomo pake pamafunika K300,000 pamwezi, choncho miyezi isanu ndi umodzi ya mwadzidzidzi ndi K1.8 miliyoni, ndipo atsala ndi K8.7 miliyoni. Fizi ya teremu ikubwerayi, feteleza, aganyu ndi kukonza denga, zonse zofunika miyezi itatu isanathe, zikukwana K2.2 miliyoni, ndipo atsala ndi K6.5 miliyoni. Imeneyi ndi ndalama yokhayo imene mabondi angaganiziridwepo. Popeza bamboyu alibenso malipiro a pamwezi ndipo akufuna ndalama yodalirika, angathe kuika K4 miliyoni m'mabondi: K1 miliyoni ya masiku 182, K1.5 miliyoni ya masiku 364, ndi K1.5 miliyoni mu Treasury note ya zaka ziwiri. K2.5 miliyoni yotsalayo ilowe m'zinthu zimene zimakwera ndi mitengo, kaya ndi ng'ombe ya mkaka, popeza dera la Bvumbwe ndi Thyolo lili ndi magulu ogula mkaka, kaya ndi masheya. Taonani kuti munthu amene anayamba ndi K12 miliyoni wathera pa K4 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwana wake wa zaka 30 amene ali pa ntchito ya penshoni, atakhala ndi K6.5 miliyoni yomweyo yotsala, angaike K1.5 miliyoni yokha, makamaka ya cholinga chodziwika monga chinkhoswe kapena kugula puloti chaka chamawa.

Magulu nawo angathe kugwiritsa ntchito njira yomweyi. Banki mkhonde zambiri zimakhala ndi ndalama zongogona m'bokosi m'miyezi imene mamembala sakubwereka, ndipo makalabu a alimi a tiyi, mipingo ndi makomiti a sukulu amasunga ndalama za chitukuko chimene chidzayambe miyezi ingapo m'tsogolo. Gulu limene lili ndi akaunti ku banki m'dzina la gululo lingaike gawo la ndalama zotere mu Treasury bill ya masiku 91 kapena 182, malinga tsiku lokhwima lifike tsiku logawana lisanakwane, lomwe kwa magulu ambiri ndi mu Disembala. Chigamulo chotere chipangidwe pa msonkhano wa onse, chilembedwe m'buku la gulu, ndipo pepala la ku banki lionetsedwe kwa mamembala, chifukwa ndalama za gulu zikalembedwa m'dzina la wapampando kapena msungichuma payekha, mapeto ake amakhala milandu kwa a mfumu.

Popita ku banki, kaya pa boma pa Mulanje, pa Thyolo, pa Luchenza kapena ku Limbe, tengani chitupa cha unzika ndi nambala ya akaunti yanu, ndipo mufunse zinthu izi musanasaine: ndalama yochepetsetsa imene akulandira pa mtundu umene mukufuna, chiwongoladzanja chimene chinatuluka pa malonda a sabata yapitayo, ndalama imene banki imadula pa ntchito yokugulirani, ndalama yeniyeni imene idzalowe mu akaunti yanu msonkho utachotsedwa, ndi mtengo umene angakupatseni mutafuna kugulitsa isanakhwime. Funsaninso momveka bwino ngati akukugulirani Treasury bill yeniyeni kapena akukutsegulirani fixed deposit (akaunti yosungitsa ndalama kwa nthawi yoikika) ya banki yomweyo, chifukwa ziwirizi zimafanana maonekedwe koma wobwereka ndi wosiyana ndipo phindu nalo limasiyana. Muzichita malonda amenewa ndi mabanki ndi makampani okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala ya munthu kuti akugulireni bondi, makamaka akamalonjeza kuti ndalama idzawirikiza kawiri pa mwezi umodzi, ndi wakuba.

Nkhani ya kunyumba musaizembe. Akazi anu kapena amuna anu adziwe kuchuluka kwa ndalama zimene mwaika, banki imene mwagulira ndi masiku okhwima, ndipo mapepala asungidwe pamalo amene munthu wina wodalirika akuwadziwa. Kuno kwathu kumene mabanja ambiri ndi a chikamwini, chuma cha womwalira chimakonda kukanganitsa ana ndi akuchimuna, ndipo ndalama imene ili pa pepala lokha imasowa mosavuta kuposa munda kapena nyumba imene aliyense akuiona. Kulemba wilo imene ikutchula mabondi amenewa kumachepetsa mavuto otere.

Tsiku lokhwima likamayandikira, a ku banki adzakufunsani ngati mukufuna kuti ndalamazo zilowe mu akaunti kapena zigulenso bondi ina. Musapereke chilolezo chakuti azingogulanso okha mpaka kalekale. Nthawi iliyonse bondi ikakhwima, tsegulaninso kope lija, muone ngati ndalama za mwadzidzidzi zikadali zokwanira pa mitengo ya lero, popeza K300,000 imene inkayendetsa pakhomo chaka chatha mwina siikukwananso, muone ngati pabuka ngongole yatsopano kapena mwana wina wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo muyerekeze chiwongoladzanja chatsopano, mutachotsa msonkho, ndi chiwerengero cha kukwera mitengo chimene a National Statistical Office alengeza mwezi umenewo. Ngati thumba la mwadzidzidzi lacheperachepera, lidzazeni kaye ndi phindu limene mwalandira, ndipo zotsalazo ndi zimene mubwezere ku bondi yotsatira.